Waya Wowonda wa a Fyuzi

A Fyuzi anagwira ntchito yoika magetsi m'nyumba za anthu kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo palibe nyumba imene inapsapo chifukwa cha dzanja lawo. Dzinalo anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, poti sankachedwa kupsa mtima. Choncho mwana wawo, woyendetsa malole, atagula mapanelo awiri a sola, batire, kontirola yodzazira batireyo ndi invata yosinthira magetsi ake kukhala a m'nyumba, panalibe wofunsa kuti aike ndani.

Anaika Loweruka, pa 2 Malichi. Mapanelo anawakhomera padenga la kumbuyo, kumene dzuwa limafika tsiku lonse. Batire anaiika m'chipinda cha kutsogolo, kozizira bwino. Pakati pake panali mtunda wa mamita khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo anayalapo waya wowonda wa 1.5, umene ankayalira mababu moyo wawo wonse.

Pa 20 Epulo magetsi anazima 8 koloko ya usiku isanakwane. Sabata yotsatira anayamba kuzima cha m'ma 7. A Fyuzi anawerengetsa: mababu asanu, wailesi ya kanema, mafoni atatu, ndi makina osokera a mpongozi wawo, amene anali telala. Zonsezi batire inayenera kuzisenza bwinobwino. Ndiye kuti wina ankalumikiza chinthu mobisa, ndipo m'nyumbamo simbi yamagetsi inali imodzi yokha.

Lamlungu pa 5 Meyi, onse ali patebulo masana, anaifunsa nkhaniyo.

"Mpongozi, simbi ija mumasitira nthawi yanji?"

"Yamagetsi ija, bambo? Ili m'katoni chiikireni sola. Munaletsa nokha."

"Ndiye batireyi akuidya ndi makoswe?"

"Inu abambo, tadyani kaye," anatero akazi awo.

"Ayi, amayi. Ine magetsi sanandinamizepo. Wonama amakhala munthu."

Mpongozi anaika supuni pansi. Madzulo a tsiku lomwelo a Fyuzi anamasula soketi ya m'chipinda chake chosokera, n'kuimbira foni mwana wawo amene anali pa ulendo. Mawa lake anamva kudzera kukhoma mpongozi akulankhula ndi mwamuna wake pafoni: "Ndiye inunso mukuti ndine wabodza?" Kuyambira pamenepo ankasoka popalasa ndi phazi, n'kumasita ndi simbi yamakala pakhonde.

Magetsi anapitiriza kuzima 7 koloko. A Fyuzi anati batireyo inali itaphedwa kale.

Lachinayi pa 16 Meyi, a Fyuzi atakadandaula, kusitolo kumene anagula katunduyo anatumiza mmisiri wawo kudzaona batire. Anali mayi wamagalasi, wa ovolosi yotuwa, wolankhula mofulumira. Batire anaiyeza, n'kupukusa mutu.

"Iyi sinafe, achikulire, koma ili ndi njala. Chibwerereni pano sinakhutepo. Tiyeni kudenga."

Inali 12 koloko, dzuwa lili paliwombo. Mpongozi anawagwirira makwerero. Mayi uja anayeza pa mapanelo: mavoti khumi ndi asanu ndi atatu. Anatsika, n'kukayeza pa kontirola: khumi ndi atatu. Atakweranso anawakodola a Fyuzi.

"Tagwirani wayayu."

Anaugwira pamene unalowera kunsi kwa denga, pamthunzi. Unali wofunda ngati mphumi ya munthu wodwala malungo.

"Mwaona? Magetsi anu akuthera m'njira, akuotha ndi wayayu. Batire kuti idzaze imafuna mavoti opitirira khumi ndi anayi. Magetsi a papholo aja ndi mavoti 230, amadutsa ngakhale muwaya wowonda osamva kanthu. Awa ndi ofooka, amafuna njira yotakasuka. Mtunda uwu pamafunika waya wonenepa wa 10, apo ayi batire ibwere kufupi."

A Fyuzi sanafunikire kuuzidwa kawiri. Masamu amenewo anawaphunzira chaka chawo choyamba kusukulu ya zaumisiri, koma pa 2 Malichi sanatenge n'cholembera chomwe. Dzanja linangopita pa waya umene linazolowera.

"Nanga... wina atalumikiza simbi?" anafunsa chapansipansi.

Mayi uja anaseka. "Pa kainvata aka ka mawati 600? Simbi ndi 1,000 kupita m'mwamba. Kakanalira n'kuzima pompo, nyumba yonse ikanamva. Koma anakuikirani ndani, achikulire?"

Malata anali kuwaotcha m'mawondo. Pansi, mpongozi anali atagwira makwerero ndi manja onse awiri, ndipo ndi iye amene ankawapatsira misomali tsiku loikalo.

"Ndi munthu wina wake... wa kumsika," anatero a Fyuzi.

"Ameneyo ndi wa mababu, asamagwire sola. Koma kukhoma ndiye amakutha, taonani kuwongoka kwake! Ngati wajambula ndi lula. Mukamuuze adzaphunzire kwa ife Loweruka, sitiluma."

A Fyuzi anadikira kuti pansipo pamveke mawu, kapena kukhosomola kokha. Sipanamveke kanthu. Potsika, phazi lawo linaphonya sitepe yomaliza, ndipo mpongozi anawagwira pachigongono.

"Pang'onopang'ono, bambo."

Mpongozi akanawalalatira zikanapepuka. Mmisiri uja atapita, a Fyuzi analowa m'chipinda cha batire n'kutseka chitseko. Anatenga pepala, n'kuchita masamu aja: mamita khumi ndi asanu ndi atatu kupita, ena otero kubwerera. Yankho linatuluka lomwe mayi uja anayeza. Anachitanso kachiwiri, ngati kuti manambala angawamvere chisoni. Kenako anatenga soketi ija m'dilowa, n'kukaibwezera m'chipinda chosokera mwakachetechete, akuganiza kuti mwina zimenezo zikwanira.

Akazi awo anawapeza akumanga sikuluwu yomaliza.

"Mwabwezatu. Nanga mawu aja mubweza ndi sikuludiraiva yomweyo?"

"Amayi, musandiyambe."

"Munayankhula patebulo, tonse tikumva. Mwana wa eni ake masiku khumi ndi limodzi akudya chowerama."

A Fyuzi anatuluka pakhonde. Mpongozi anali kusita yunifolomu ya kasitomala, akuuzira makala m'simbi. Atawaona anafuna kudzuka kuti awapatse mpando.

"Khalani, mpongozi." Anaima chiimire, manja kumbuyo, ngati wophunzira ntchito pamaso pa kapitawo. Akazi awo anaima pakhomo. "Waya uja ndinaika ndine, mukudziwa. Wolakwa ndi wayayo, ndiye kuti ndine. Simbi yanu ilibe mlandu. Ndinakunenani bodza, kenako lero ndanama ndine, inu mukumva. Pepani."

Mpongozi anaimika simbi pa njerwa.

"Ndamva, bambo. Za kudenga zija sindiuza munthu, dzina lanu ndi lathu lomwe." Anapukuta manja pa epuloni, n'kutulutsa foni m'thumba. "Koma ana anu akubwera Lamlungu, ndipo mpaka pano akudziwa kuti anakwatira mkazi wabodza. Ndikawauza ine, aziti ndikudziikira kumbuyo."

Anaimba, n'kuwapatsa foniyo ndi manja awiri. Inaitana katatu. Kenako kunamveka phokoso la injini ndi mawu a mwana wawo, aukali pang'ono.

"Ee, watani tsopano?"

"Ndine bambo ako," anatero a Fyuzi. "Imika galimoto pambali. Ndikufuna umve bwinobwino, ndipo usandidule mawu."