Dzina Losowa pa Bolodi

Chibwerereni mkulu woona za antchito ku maphunziro a masiku atatu, pafakitale ya mkaka panalibenso mtendere. Mayiyo anabwerako ndi kabuku kofotokoza zikhalidwe za mitundu ya anthu, ndipo anayamba kukakhulupirira kuposa anthu amene ankamwa nawo tiyi.

Amene anaona zakuda ndi Namawaya, wokonza mafiriji. Makolo ake anachokera kudziko lina iye asanabadwe, koma mwiniwake anabadwira kuseri kwa depoti ya mabasi. Zaka zisanu ndi zinayi akukwera makwerero, sipanala ili m'thumba, panalibe amene anamufunsapo za kwawo. Tsopano mkulu uja anasiya kumupatsa moni wa dzanja, n'kumamuweramira ngati mlendo. Pa tiyi anamupatulira kapu yakeyake. Chithunzi chake anachipachika pageti, pansi pake atalembapo kuti "Tonse Ndife Amodzi". Zinkamunyansa, koma ankangokukuta mano poti anali ndi chimene ankadikira.

Fakitale inkafuna kutumiza munthu mmodzi kumzinda wina kukaphunzira makina atsopano miyezi itatu, ndipo pobwerako adzakhala kapitawo. Ngakhale mlonda wapageti ankadziwa kuti mwayiwo ndi wa Namawaya.

Lolemba m'mawa, pa bolodi la zidziwitso panali dzina la mnzake, yemwe mpaka lero amabwera kudzamufunsa waya wa moto ndi uti.

Namawaya analowa mu ofesi ya mkulu uja osagogoda.

"Mayi, dzina langa lili kuti?"

"Khalani pansi, achemwali," anatero mkulu uja, nkhope ili mwee. "Ndakuganizirani kwambiri. Kwanu mkazi wosakwatiwa sagona kutali ndi nyumba ya bambo ake. Zalembedwa m'kabuku umu."

"Kwathu kuti? Kwathu n'kuseri kwa depoti!"

"Musachite nacho manyazi chikhalidwe chanu. Ife pano timachilemekeza."

"Munandifunsa?"

"Ndikanakufunsani mukanavomera chifukwa cha ulemu, kenako n'kukayambana ndi bambo anu. Ndimazidziwa izi."

"Ndiye mwafunsa kabuku, ine ndili pakhomo panu pomwepa ndikukonza choziziritsa mu ofesi mwanu?"

"Kalata inapita kale Lachisanu," anayankha mayiyo modekha. "Koma musadandaule. Mwezi wamawa kuli tsiku la zikhalidwe, mudzatiphunzitse kavinidwe ka kwanu."

Namawaya anatuluka asanalankhule mawu omuchotsetsa ntchito. Mtima unkamuwawa kwambiri chifukwa panalibe ndi woti n'kumutukwana yemwe. Munthu wokuda umadziwa pomugwira, nanga wokukomera mtima umutani?

Atafika kunyumba madzulo, anapeza bambo ake ali pakhonde, magalasi ali pamphuno, singano yaikulu ili m'manja. Ndi bambo omwewa amene anamuphunzitsa kumasula wailesi ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo mlungu wonse anali akudzitama kwa aliyense wodutsa mumsewumo. Pamiyendo pawo panali sutikesi yakale yachikopa, imene anawolokera nayo malire ali mnyamata. Anali ataipukuta mpaka kuwala.

"Chogwirira ndasoka, zipi ndaika yatsopano," anatero monyadira, akudula ulusi ndi mano. "Imeneyi inandifikitsa ine kuno, nawenso ikufikitsa. Ndiye mukunyamuka liti, akapitawo?"