Kompyuta Imene Bambo Anakonza

Namawaya anatha miyezi itatu akuphunzitsa kompyuta mwano. Musaseke, ntchito imeneyi ndi yovuta. Kompyuta kuvuta yokha n'zapafupi, tonsefe zinatichitikirapo, koma kuti izipsetsa munthu mtima mwadala, pa nthawi yake, tsiku ndi tsiku, pamafunika mutu.

Dzina la Namawayali anamupatsa ndi anzake a kusukulu ya zaluso, poona kuti ena akamagula utoto ndi maburashi iye ankabwera ndi thumba la mawaya. Tsopano nyumba ina ya zionetsero inamubwereka chipinda chapakona, koma panali pangano. Lachisanu 11 koloko m'mawa, mayi woyang'anira nyumbayo adzayesa okha chinthucho. Chikawagwira mtima, chipinda n'chake mwezi wathunthu. Chikapanda kutero, makiyi apita kwa mkulu wina wojambula maluwa, amene anali atayamba kale kusuzumira pawindo.

Pakati pa chipindacho panali desiki, mpando ndi kompyuta yakale. Mlendo ankapemphedwa kulemba kalata yaifupi n'kuitumiza, basi. Koma kompyutayo inkayamba yaganiza kaye, kenako inkafuna pasiwedi imene munthu sanapatsidwe, pomaliza n'kumeza kalata yonse. M'kati mwa mausi Namawaya anabisamo kachipangizo komva kufinya kwa dzanja, pansi pa kiyibodi kena komva kumenya, pambali pa sikirini kena komva munthu akatsonya kapena kuusa moyo. Masensa amenewa ankauza mababu apakhoma kuti afiire, n'kuuzanso fani yaikulu kuti ipope chinsalu chimene chinkagona pakona. Munthu akamapsa mtima chinsalucho chinkafufuma, mwini wake n'kudzionera yekha kukula kwa mkwiyo wake.

Bambo ake a Namawaya anakonza makompyuta m'maofesi zaka makumi atatu, ndipo chipumireni pa ntchito ankasowa chogwira. Kunyumba anali atakonza zonse, ndi zosawonongeka zomwe. Luso la mwana wawo sankalimvetsa, koma sankafunsa, kuopa kuoneka ngati akunyoza. Nayenso mwanayo sankawafotokozera, poganiza kuti angowatopetsa. Ndiye Lachisanulo bambowo atadzipereka kukamunyamulira makatoni, Namawaya anakondwa kwambiri.

Cha m'ma 9 babu limodzi linapsa. Namawaya anathamangira kusitolo, n'kuuza bambo ake kuti akhale pansi apume. Cholakwa chake chinali chimodzi: m'chipindamo mpando unalimo umodzi wokha.

Sitolo yoyamba inalibe babulo, yachiwiri inali yotseka, ndipo anabwerako thukuta lili kamukamu, 11 itatsala pang'ono. Anapeza bambo ake ataima pakhomo akupukuta manja ndi kampango, nkhope ili mwee. Sanafunse chimene akusekerera, chifukwa mayi woyang'anira aja anali atafika kale kumbuyo kwake.

Anali mayi wamfupi wa magalasi, wosakonda zochedwa. Anakhala pampando, analemba kalata, anadina potumizira, kalata n'kupita nthawi yomweyo. Anayang'ana khoma, khoma lili mbee. Chinsalu chinangogona pakona ngati galu wokhuta. Analembanso ina, nayonso inapita mosavuta.

"Ndiye ndikwiye nthawi yanji?" mayiwo anafunsa.

Namawaya anawapempha mpando n'kukhalapo. Anagwira mausi, ndipo chilichonse chimene ankadina chinkatseguka msangamsanga, mwaulemu. Pamenepo bambo ake analephera kupirira, n'kuyamba kufotokoza ali pakhomo pomwepo. Anati kompyutayo anaipeza ikudwala zomvetsa chisoni, kuti munthu wina wopanda chifundo anaidzaza zinthu zoichedwetsa, ndipo iwo azichotsa zonse, ndi zina zofanana nazo zimene zinabisidwa padera. Masensa okha sanawakhudze, poti mawaya ake anamangidwa bwino zedi.

"Sindikanalola kuti uchite manyazi pamaso pa anthu, mwana wanga," anatero.

Namawaya anafuna kulira. Miyezi itatu yapita ndi madzi, ndi za padera zomwe! Koma munthu sukalipira bambo ako pamaso pa mlendo, makamaka pamene akukuyang'ana ngati mwana amene wakhoza mayeso. Anameza malovu, anamwetulira, n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, bambo. Mwandithandiza."

Tsoka lake, dzanja linali likadali pa mausi. Babu loyamba linafiira, lachiwiri linatsatira, kenako khoma lonse linati psuu. Fani inabangula. Chinsalu chija chinadzuka, chinafufuma, chinagunda denga n'kumakankhabe, zimene chinali chisanachitepo chichipangireni. Namawaya anasiya mausi msanga n'kuusa moyo, osadziwa kuti akuwonjezera nkhuni pamoto.

Bambowo anayang'ana chinsalu, anayang'ana mausi, kenako dzanja la mwana wawo. Munthu amene wakhala ndi makina moyo wake wonse sachita kuuzidwa. Kumwetulira konse kunathera pomwepo. Anafunsa motsitsa mawu kuti chinsalucho chimayeza chiyani, ndipo Namawaya anawauza zonse zimene sanawauze miyezi itatu, mpaka kuti munthu wopanda chifundo uja anali iyeyo. Bambowo anachita manyazi kwambiri, ndipo mwanayo powaona choncho anamva chisoni choposa mkwiyo uja.

Mayi woyang'anira anayang'ana wotchi. Anati masensa awaona kuti akugwira, koma iwo anabwera kudzakwiyira kompyuta, osati kudzaonerera za m'banja. Abweranso 12 koloko, ndipo ikadzawalandiranso mwaulemu, makiyi apita.

Atangotuluka, bambowo anapinda manja a malaya n'kufunsa kuti kompyutayo inkavutitsa anthu motani. Atamva za pasiwedi anapukusa mutu. Anati zimenezo n'zachibwana, munthu amangotukwana kamodzi n'kuiwala. Chimene chimapweteka n'kupatsidwa chiyembekezo. Iwo anaona alembi olimba mtima akugwetsa misozi chifukwa cha kamzere kamene kamadzaza bwinobwino mpaka 99 n'kuima pomwepo. Anaona bwana wina akuvula nsapato kuti agende sikirini imene inamuuza kuti kalata yasungidwa, osanena kuti yasungidwa kuti.

Namawaya ankalemba, bambo ankalamula. Akafulumizitsa kamzere kaja, iwo ankati ayi, kachedwe pa 60, kathamange mpaka 90 kuti munthu akondwe, kenako kazikwawa. Anapeza kuti akuseka onse awiri, mitu itagundana pa sikirini imodzi, zimene anazisiya iye ali kamtsikana.

Mayi aja anabwera pa nthawi yake. Analemba kalata yaitali ndithu, mwina pofuna kuonetsa kuti iwo si munthu wopsa mtima wamba, n'kudina. Kamzere kanayenda, kanachedwa, kanathamanga, kanafika pa 99. Mayiwo anadikira. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Kompyuta inawathokoza chifukwa cha kudekha kwawo, n'kuwaonetsa tsamba loyera lopanda ndi chilembo chimodzi chomwe.

Anatsonya, mababu n'kufiira. Anamenya kiyibodi ndi manja onse awiri, akuti, "Iwe, kalata yanga!" ndipo chinsalu chinalumpha n'kuwaphimba theka la mutu. Anatuluka m'menemo tsitsi litasokonekera, akuseka mpaka kutsokomola. Anauza Namawaya kuti makiyi asunge, wamaluwa adikire mwezi wamawa, kenako anakhalanso pampando kuti ayesenso, poti sanavomereze kugonja.

Namawaya anatembenuka kuti awathokoze bambo ake, koma anapeza atayamba kale kupinda makatoni, ngati munthu amene ntchito yake yatha ndipo sakufuna kutsekereza njira. Pakhomo anaima, chipewa chili m'manja.

"Makompyuta akalewa sachedwa kuchira okha," anatero, akuyang'ana pansi. "Kaya ndibwere mawa, ndidzaone ngati ikadali yowonongeka?"

"Muzibwera tsiku lililonse, bambo," Namawaya anayankha. "Timatsegula 9 koloko."

Bambowo anavala chipewa n'kunena kuti iwo azifika 8.