Musandigwire

Amuna anga amaika magalasi m'mawindo, ndipo anthu onse, ngakhale mayi awo owabala, amangowaitana kuti a Magalasi. Manja awo amaganiza okha. Kapu ikaterereka patebulo amaiwakha isanafike pansi, maso ali pafoni. Kale ndinkanyadira zimenezi. Koma tsiku lokaonana ndi adokotala a mitsempha, manja amenewo ndinkawaopa kuposa matenda anga.

Matendawo madokotala amawatcha MS. Chitetezo cha m'thupi mwanga chinapenga, chimatafuna mitsempha yanga yomwe ngati khoswe pa waya wa magetsi. Zinayamba ndi dzanzi kuphazi lamanzere. Kenako sizasi inayamba kundipulumuka kusaluni, mpaka tsiku lina ndinatsala pang'ono kudula khutu la kasitomala, ntchito n'kuthera pomwepo. Mankhwala ndasinthasintha, majakisoni ndabayidwa mpaka ntchafu kutopa, koma mwendo ukungokwakwaza pansi.

Panatsala njira imodzi. Amatenga maselo a m'mafupa mwako, n'kupha chitetezo chopengacho ndi mankhwala aukali, kenako n'kukubwezera maselowo kuti chitetezo chimere chatsopano. Adokotala, mayi wolankhula mosapsatira, anandiuza kuti zimene zinapita sizibwerera, koma matenda akhoza kuima pamene afikapo. Ine ndinkafuna zomwezo basi, aime ndikadali kupita ndekha kuchimbudzi. Koma chipatalacho chinali ndi lamulo lake. Thandizoli n'loopsa, ndiye amalipereka kwa munthu amene akadayenda. Ndinayenera kuyenda kuchokera pakhomo la ofesi yawo kukafika pawindo la kumapeto kwa khonde. Ndodo amalola, koma munthu wokugwira ayi.

Tinayeserera kunyumba, kuchokera kukhitchini kukafika kuchipinda. Ndikangotsimphina pang'ono, dzanja lawo lili kale pachigongono changa.

"Bambo, mukundipha ndi chifundo chanuchi," ndinawauza. "Ndisiyeni ndidzandime. Ndimadziwa kudziwongola ndekha."

"Sindichita dala, mayi. Ndimangozindikira ndagwira kale."

"Ndiye tikafika kumeneko mukakhale m'galimoto."

Anakana kwamtuwagalu. Ndinaganiza zowapatsa ntchito manjawo. Tili kuchipatala, dzanja limodzi ndinalipatsa chikwama changa, lina botolo lagalasi la madzi ozizira, poti kutentha kumandifooketsa miyendo. Ndinkadziwa kuti munthu ameneyu chiyambire ntchito sanagwetsepo galasi.

"Lonjezani," ndinatero. "Ngakhale ndigwe chafufumimba, musandigwire."

"Ndalonjeza."

Khonde la chipatala silinali ngati kanjira ka m'nyumba mwathu. Linali lotakasuka, makoma ali kutali, pansi poterera ngati pakwechedwa dala kuti pandigwetse. Adokotala anaima pakhomo n'kugwedeza mutu kuti ndiyambe. Ndodo patsogolo, phazi lamanja, kenako kukoka lamanzere. Kumbuyo ndinkamva a Magalasi akupuma ngati ndi iwo akuyesedwa. Ndinadutsa benchi la odwala, ndinadutsa chitseko cha manesi. Thukuta linatsika kumsana ndipo ndinamva mwendo ukuyamba kulemera. Mumtima ndinkaupempha ngati munthu, ingondifikitsa apo pokha, mawa ugone tsiku lonse.

Windo linayandikira mpaka ndinayamba kuona madontho a penti pagalasi lake. Pamenepo chala cha phazi lamanzere chinakoka pansi, thupi n'kupendekera kutsogolo. Ndinatambasula ndodo kuti ndidzitchinjirize. Isanagunde pansi ndinamva botolo likusweka, ndipo dzanja lomwe ndimalidziwa bwino linali litandigwira m'chiuno.

Mwina ndikanagwa. Mwina ndodo ikanandigwira, monga yakhala ikuchitira kambirimbiri kubafa iwo ali kuntchito. Palibe amene adzadziwe, ndipo chimenechi ndicho chimandiwawa kwambiri.

"Mayiwa anali atafika kale, adokotala," amuna anga anachonderera. "Taonani, windo ndi ili. Olakwa ndine. Ayambirenso."

Adokotala anandiyang'ana miyendo. Inkanjenjemera yokha, moti kuyambiranso kunali kosatheka.

"Pepani, mayi," anatero. "Sindinganene kuti mwayenda nokha. Mudzabwerenso pakapita miyezi ingapo, tidzayesenso."

Miyezi ingapo. Tonse atatu tinkadziwa kumene miyendo yanga ikulowera, ndipo sikunali kowongoka. Ndinafuna kukuwa, kuwamenya ndi ndodo yomweyo amuna angawo. Iwo anali atagwada, akutola magalasi limodzilimodzi kuti wina asadzibaye, chala chikutuluka magazi. Sindinawamvere chisoni ngakhale pang'ono.

Potuluka ndinatsogola, ndikuyedzamira khoma. Pakhomo lalikulu la chipatala pali masitepe otsikira pamene timaimika galimoto. Ndinaima pamwamba pake. Dzuwa linali litakwera ndipo mwendo wamanzere unali utazimiratu, sindinkaumva n'komwe. Ndinadikira dzanja lija pachigongono, koma silinabwere.

Nditacheuka ndinawapeza ataima pambali panga, chikwama changa chili paphewa, manja onse awiri atawabisa kumbuyo, lina litagwira linzake zolimba. Maso awo anali ofiira. Anthu ankatilambalala uku ndi uku, ena akutiyang'ana modabwa. Ndinayang'ananso masitepewo, kenako mwendo wanga.

"Bambo," ndinatero. "Ndigwireni."