Malaya Ofiira a Mzime

A telala anayeza TV yawo m'mawa wa Lachiwiri, akazi awo asanadzuke. Anatenga tepi yomwe amayezera anthu m'chiuno, naigoneka pagalasi m'litali, kenako m'lifupi, n'kulemba manambala awiriwo ndi choko pa kachidutswa ka nsalu yakuda. Kanali ka TV kakang'ono, kokhala pamwamba pa kabati kumiyendo kwa bedi, pomwe mayiwo ankatha kukaona osadzutsa mutu. Chidwalireni sitiroko zaka ziwiri zapitazo, moyo wawo wonse unali m'chipinda chimenechi: bedi, zenera, mpando wa amuna awo, ndi ka TV kameneka.

Filimu yomwe ankaonera inali imodzi yokha, ndipo sankaionera yonse. Ankaithamangitsa mpaka mphindi ya 41, pomwe mwamuna ndi mkazi akukangana pa depoti ya mabasi. Kumbuyo kwa awiriwo kumadutsa munthu wamtali wa malaya ofiira, katoni ili paphewa. Amatulukira kumanzere, n'kuponda kasanu ndi kamodzi, n'kubisika kuseri kwa basi. Ameneyo anali Mzime, mwana wawo womaliza.

Tsiku lina adakali moyo, Mzime anafika pakhomo akuseka yekha. Anati ojambula filimu atseka theka la depoti, ndipo akungogwira aliyense wodutsa kuti azinamizira wapaulendo. Ojambulawo anam'patsa katoni yopanda kanthu, namuuza kuti aziyenda ngati yalemera. "Ndadutsa kakhumi ndi kawiri, ababa, mpaka phewa layamba kupwetekadi," anatero. Tsikulo anavala malaya ofiira omwe bambo ake anamusokera. Filimuyo inatuluka iye atagona m'manda miyezi isanu. Anali amayi ake amene analoza galasi, nati, "Ndi uyo." Zithunzi zake zinalipo m'nyumbamo, koma chithunzi sichiyenda. Mufilimumo Mzime ankayenda.

Vuto linali nkhope. Pa ka TV kawoko inkaoneka ngati pomwe munthu wagunda galasi ndi chala cha mafuta. Ukaimitsa filimuyo kuti uyang'anitsitse, nkhopeyo inkangosweka n'kukhala timabokosi.

"Bambo a Mzime, kodi pamenepa akuseka kapena watopa?" ankafunsa mayiwo, mawu akutuluka mokoka ndi mbali imodzi ya pakamwa.

A telala sankadziwa. Ndipo mwezi wathawu mayiwo ananena mawu amene anawalanda amuna awo mtendere: "Nkhope yake ikundithawa. Ndikatsinzina ndikumangoona malaya."

Za zimbale zatsopano anazimva kwa mphunzitsi wina amene anabweretsa buluku kuti alifupikitse. Anati kuli zimbale za m'timabokosi ta buluu zoonetsa chilichonse, mpaka tsitsi la m'mphuno, ndipo filimu ija ya pa depoti yatulukanso pa zoterozo. A telala anasunga nkhaniyo masiku atatu, akuipempherera. Tsiku lachinayi analephera kuugwira mtima, anawauza akazi awo.

Motero Lachiwiri limenelo mayiwo atadzuka anapempha kuti awamange duku labwino lija. Mayi woyandikana nawo nyumba anabwera kudzawakhalira, atanyamula zoluka zake. Monga mwa masiku onse, anakana tiyi ponena kuti wangomwa kumene. A telala ankadziwa kuti akusungira shuga wawo, koma sanam'tsutsepo n'kamodzi komwe.

Shopu ya zimbale inali yopapatiza, pakati pa malo ogulitsira mankhwala ndi okonzera mafoni. Mwiniwake anali bambo wonenepa wa magalasi olendewera pachingwe, yemwe aliyense mumsewumo ankangomutchula kuti a Zimbale. Anamva dzina la filimuyo, nakwera pa kasitepe, natsitsa kabokosi ka buluu kadakali m'pulasitiki yake.

"TV yanu ndi yaikulu bwanji, achikulire?"

A telala anatambasula kansalu kaja pa kauntala. A Zimbale anavala magalasi, nayang'ana manambala awiriwo, nayamba kuseka mpaka mimba kugwedezeka.

"Iyi ndi TV kapena buluku? Chatsala n'chiuno basi."

"Ndayeza mmene ndimayezera."

"TV sayeza choncho. Amayeza chopingasa, kuchokera ngodya ya pansi kukafika ya pamwamba. Tabwerekani tepiyo." Anaichotsa okha m'khosi mwa a telala, nayenda nayo pa alumali mpaka anapeza ka TV kofanana ndi manambalawo. "Yanu ndi mphwake wa aka. Nanga poonera mumakhala patali bwanji?"

"Kutalika kwa bedi, n'kuwonjezerapo mkono umodzi."

A Zimbale anabweza tepi, napukusa mutu. "Ndikuuzeni zoona, poti ndinu munthu wamkulu. Inu mumadziwa nsalu. Ina imalukidwa mothinana, ina motayana. Mukaigwira m'manja mumasiyanitsa, koma wina akaivala ali tsidya la msewu, zonse n'chimodzimodzi. Chimbale ichi ndi nsalu yothinana. Pa galasi lalikulu ndiye chimalankhula. Pa kanu aka, munthu ali kumutu kwa bedi, diso siliona kusiyana. Komanso chimafuna pleya yakeyake yochionetsera, yanu yakale ija ingochilavula. Ine kukugulitsani nditha, ndimadyera pomwepo, koma mawa mubwera kudzanditukwana."

"Ine sinditukwana."

"Onse amatero pogula."

A telala anapinda kansalu kawo pang'onopang'ono. Sanali munthu wofotokoza za m'nyumba mwake kwa alendo. Koma akanabwerera chimanjamanja osanena kanthu, akanakawauza chiyani mayi ovala duku aja? Ananena mwachidule, maso ali pa kauntala. Anati muli mwana wawo mufilimumo, pa mphindi ya 41, ndipo mwanayo kulibenso. Anati amayi ake ali gone, akufuna kuona nkhope.

A Zimbale anavula magalasi. Anazimitsa nyimbo zomwe zinkalira pakhomo, nakankha chitseko kuti chitsale chotseguka pang'ono. Kenako analowetsa chikhadabo m'mphepete mwa kabokosi kaja, nang'amba pulasitiki.

"Musatsegule chatsopano," anatero a telala.

"Chatseguka kale. Khalani apa." Anawakokera mpando wawo womwe, nauika kutsogolo kwa TV yaikulu kuposa zonse, yomwe inatenga theka la khoma.

A telala anakhala, chipewa chili pabondo. Mumtima anangoti, Ambuye, kamodzi kokha.

Depoti ija inatulukira ngati munthu watsegula zenera. Anaona zinthu zomwe kwa zaka zitatu sankadziwa kuti zilimo: khungwa la lalanje pansi, dzimbiri pa chitseko cha basi, khanda lovala sokosi phazi limodzi. Mwamuna ndi mkazi aja anayamba kukangana. Kumanzere kunatulukira malaya ofiira. A Zimbale anadina rimoti, ndipo munthuyo anaima, phazi lili m'mwamba, msinkhu wake wonse uli pakhoma.

Telala amayamba waona chovala asanaone mwiniwake, ndipo maso awo anapita pachifuwa okha. Thumba linali kumanzere.

Mzime anali wamanzere. Chiyambire ali kamwana ankang'amba matumba popinda dzanja kuti afikemo, choncho malaya ake onse bambo ake ankawasokera thumba kumanja, n'kudutsitsa ulusi kawiri pakamwa pake. Pa malaya ofiirawo anaikapo mabatani akuda omwe anachotsa pa jekete lawo lakale. Awa a pagalasi anali ndi mabatani oyera, ndi kolala ya kufakitale yokhala ndi timabatani kunsonga. Sanali malaya otuluka m'manja mwawo.

Kenako anakweza maso. Anali bambo wa zaka mwina makumi anayi, wa ndevu za pamlomo, khutu limodzi lili ndi chipsera. Ankamwetulira chambali, ngati wina kumbuyo kwa kamera wamuseketsa. Inali nkhope yabwinobwino, ya munthu amene mwina ali moyo kwinakwake, akudya ndi ana ake.

"Ndi ameneyu?" anafunsa a Zimbale motsitsa mawu.

A telala anasendera kutsogolo pampandopo. "Tabwezani pang'ono."

Anabweza. Anayenda nayo pang'onopang'ono, akuimitsa paliponse podutsa munthu. Anayang'ana m'mawindo a basi, kuseri kwa ogulitsa matikiti, pamzere wa anthu chapatali. Mtsikana wina anasuzumira pakhomo kufunsa za chimbale cha nyimbo, a Zimbale anamuuza kuti abwere masana. Depotiyo inaonekanso kawiri kutsogolo kwa filimuyo, ndipo monsemo anafufuzamo. Malaya ena ofiira munalibe. A telala sananene kuti munthuyo si mwana wawo, ndipo a Zimbale sanafunsenso.

"Amadula zambiri," anatero pomaliza, akupukuta magalasi ndi m'munsi mwa malaya. "Amajambula tsiku lonse n'kutengapo mphindi imodzi. Zotsalazo amataya."

"Amataya kuti?"

"Sindikudziwa, achikulire."

A telala anaimirira, nanena kuti agula chimbalecho poti chatsegulidwa chifukwa cha iwo. A Zimbale anakana, nati achiika choonetsera makasitomala. Potambasula dzanja kuti atsanzikane, batani la pamkono wa malaya a mwini shopuyo linali lendee pa kaulusi kamodzi. A telala anasolola singano kuseri kwa kolala yawo, pomwe imakhala nthawi zonse ndi ulusi wake, nati, "Taimani chomwecho." Analisokerera, naluma ulusi.

Pobwerera sanakwere basi. Anayenda wapansi msewu wonse, dzuwa lili paliwombo. Anayesa kupemphera koma pemphero linkathera pa dzina la Ambuye. Zaka zitatu akhala akupatsa moni mwana wa eni ake m'mawa uliwonse. Anaima pa mthunzi wa sitolo ina, natsinzina kuti aitane nkhope ya Mzime. Inabwera ya ndevu za pamlomo, yoyera bwino, tsitsi lililonse likuoneka. Ya Mzime inali kumbuyo kwake, yosaoneka bwino, ndipo ankati akaiyandikira inkasweka.

Atafika, mayi woyandikana nawo uja anayang'ana manja awo opanda kanthu, nalongedza zoluka zake osafunsa. Podutsa pakhomo ananong'ona kuti madzi a tiyi awira kale, ali m'fulasiki.

M'chipinda muja mayiwo anali atawatsamiritsa pa mapilo awiri, duku lili m'malo mwake. Nawonso anayang'ana manja.

"Kulibe?"

"Chilipo." A telala anapachika chipewa pamsomali, nakhala pampando wawo. Pa zaka makumi anayi za ukwati wawo anali asanawanamizepo, ndipo sankadziwa poyambira. "Mwini shopu wati pa TV yaing'ono ngati yathuyi sichisintha kanthu. Wati n'kutaya ndalama chabe. Wandionetsa ndi tepi yanga yomwe."

"Munthu wabwino ameneyo. Wina akanangokugulitsani."

"Ndi wabwino."

Mayiwo anasisita bulangete ndi dzanja lawo la mbali yamoyo. Kunja wina ankatsuka mbale pampopi.

"Koma kushopu kumakhala ma TV aakulu," anatero. "Sanakuonetseni kumeneko?"

A telala anayang'ana ka TV kaja, momwe munkangooneka zenera ndi mutu wawo wa imvi. Akanatha kunena kuti ayi, nkhani n'kuthera pomwepo.

"Anandionetsa."

Mayiwo anayesa kudzuka, pilo imodzi inagwa. "Ndiye mwaona? Akuseka kapena watopa?"

A telala anawerama kutola piloyo. Anaiguguda, naibwezera kumsana kwa akazi awo, naikonza nthawi yaitali kuposa mmene inafunikira.

"Akuseka," anatero. "Pang'ono, chambali."

"Ndinadziwa ine." Mbali yamoyo ya pakamwa pawo inakwera. "Katoni yopanda kanthu, angatope nayo bwanji? Wabodza uja. Tamuikani, bambo a Mzime."

A telala analowetsa chimbale chakale chija, chokalikakalika, nathamangitsa mpaka mphindi ya 41. Depoti inabwera yaing'ono ndi yachimbuuzi monga kale. Kumanzere kunatulukira kofiira kaja, n'kuyamba kuponda.

"Wadzuka bwanji, mwanawe," anatero mayiwo.

Pa galasi laling'onolo thumba silinkaoneka, ngakhale mabatani. A telala ankaziona zonse. Anatsitsa maso, nayamba kukulunga tepi yawo pachala mpaka inatha, kenako anaimasula.

"Bwezaninso," anatero mayiwo.

Anabweza.