Khomo Limene Sanatseke

"Laputopu yonse ingasowe bwanji m'nyumba ya maliro?" anafunsa mayi wa kuntchito kwa malemu.

Mng'ono wa malemu anayang'ana pansi. "Anthu anali ambiri, amayi. Manja a anthu simungawadziwe."

Linali bodza. Laputopuyo inali m'chikwama chake kuseri kwa mpando, atayikulunga ndi juzi, ndipo wogula anali atapezeka kale. Ankadzilimbitsa mtima kuti mkulu wakeyo anali woumira, munthu wokana kuuza pasiwedi ngakhale mkazi wogona naye. Mkaziyo anali pakona, akupinda malaya a mwamuna wake.

Mayi uja anafotokoza vuto lake. Malemu ndi amene ankayang'anira marauta, makina olumikiza intaneti, a zipatala zing'onozing'ono zakutali. Ankalowamo ali m'chipinda chomwecho, ndi kiyi yachinsinsi yosungidwa mu laputopu. Tsopano rauta ya chipatala china inali itayamba kuvuta, anamwino sankalandira zotsatira za magazi, ndipo mvula inali itadula msewu wa kumeneko.

"Odwala akudikira," anatero. Kenako anatsegula kompyuta yake. "Pali khomo lina. Pa rauta iliyonse pali akaunti yachiwiri, dzina lake 'mng'ono'. Ndinu, eti?"

Nkhope ya mng'ono wa malemuyo inagwa. Kalekale mkulu wake ankamuphunzitsa ntchitoyi patebulo lodyera, mpaka tsiku limene anakangana, iye n'kumenyetsa chitseko akunena kuti sangakhale wantchito wa m'bale wake. Chichokereni sanapondemonso m'nyumbamo mpaka tsiku la maliro.

"Alamu, lembani pasiwedi yanu," anatero wamasiyeyo, osadzutsa mutu. "Chikwama chija tikambirana pambuyo."

Anali akudziwa, ndipo sanamuyalutse pamaso pa mlendo. Manyazi anamugwira mwamunayo mpaka analakalaka nthaka itang'ambika.

Anakhala pansi. Zala zinakumbukira zokha pasiwedi imene anasankha ali wophunzira. Rauta ya kuchipatala inamulandira nthawi yomweyo. Mayi uja anakokera kompyutayo kwa iye, anakonza zovutazo, kenako anaimbira namwino. Zotsatira zinali zitayamba kufika.

"Akaunti imeneyi ndikuitseka lero," anatero mayi uja akuyang'ana pagalasi la kompyuta. "Inayenera kutsekedwa kalekale. Pa malamulo onse a chitetezo, ili lokha ndi limene akulu anu anaphwanya. Tinkakangana nawo chaka ndi chaka."

"Ankati chiyani?" anafunsa mwamunayo.

Amene anayankha anali mlamu wake, akusalaza kolala ya malaya ndi chikhato.

"Akagula rauta yatsopano, ankayamba kulemba dzina lanu, lawo pambuyo. Ankati mwana wa amayi asadzapeze pokhoma."