Zilembo Ziwiri pa Mwala wa a Mbewe

A Tobias Mbewe anamwalira pa 14 Juni 2022. Pa unyamata wao anakhalapo ku seminale zaka zinayi, ndipo Chilatini sichinawachoke m'kamwa. Anasiyira mwana wao Zione kapepala ka mau oti adzalembedwe pa manda: *Ne fleveris*.

Mwambo wovundukula mwala unali Loweruka, pa 19 Ogasiti 2023, ku Vubwi. Lachitatu Zione anapita ku Katete kukautenga kwa Alick, wosema miyala. Anapeza palembedwa kuti TOBIAS FLEVERIS MBEWE.

"Fleveris ndani?"

"Si atate anu? Pepala likuti 'Ne Fleveris'. Ndine Fleveris, mwachidule. Chabe anali ndi dzina lina, amai."

Zione anayang'ananso pa mwalawo. Kapena atate analidi ndi dzina lomwe sanamuuze? Kuyamba mwala wina nthawi inali itatha. Anakwera minibasi mpaka ku Sinda kwa a Yotamu, omwe ankakhala benchi limodzi ndi atate ake ku seminale.

A Yotamu anaseka mpaka kutsokomola. "Si dzina, mwanangu, ndi mneni. *Fleo*, ndikulira. *Flevi*, ndinalira. Chotsa *i*, ika *eris*: *fleveris*. Ukaika *ne* kutsogolo ndiye kuti usalire."

"Kundiletsa zamawa ndi mau a zadzulo?"

"Aroma ankaletsa choncho."

"Nanga popanda *ne*?"

"Likhoza kutanthauza kuti mwina unalira. Komanso kuti udzakhala utalira. Zimalembedwa chimodzimodzi."

"Tsono pa mwala pali tanthauzo liti?"

A Yotamu anakanda m'mutu. "Abambo ansembe amene ankatiphunzitsa anapita kwao mu 1971 tisanamvetse bwino."

Lachinayi Zione anabwerera kwa Alick. Pakati pa TOBIAS ndi FLEVERIS panali mpata wa zala ziwiri. Alick anapanikizamo NE, tizilembo tating'ono ngati nyerere.

Loweruka atachotsa nsalu, anthu anawerenga chamumtima. Kenaka azakhali a Zione, a Yunesi, anagwedeza mutu.

"Nefleveris. Ndakumbuka! Dzina la agogo athu a ku Mozambique."

"Bodza," anatero amalume. "Lija linali Fulugensiyo."

Mkangano unakula mpaka abusa analephera kuyamba nyimbo. Zione, amene kuyambira Lachitatu ankaopa kuti adzagwa ndi misozi pa mandapo, anabisa nkhope m'chitenje. Mapewa ake ankagwedezeka. Amai awiri anathamanga kudzamgwira, koma iye anali kuseka.