Mlonda wa a Silas

"Mayi, fulashi yanga yalowa m'kompyuta mwanu mokha. Kwina konse ayi!"

Tisungeni anaima pakhomo pa shopu yotayipira ya a Lyness, pafupi ndi pokwerera minibasi pa Domasi, maso ali psuu. Ankaphunzira zauphunzitsi, ndipo kafukufuku wake wa chaka chomaliza ankafunika mawa lake. Dzulo anabwera kudzasindikiza mutu woyamba. Lero potsegula fulashi anapeza mafayilo onse kulibe.

"Koma Mlonda anaiyeza iwe ukuona," anatero a Lyness. "Anati mulibe vayirasi."

Mlonda inali pulogalamu yogwira mavayirasi imene amuna awo, malemu a Silas, anabwera nayo kuchokera ku Blantyre pa kadisiketi, kale mafoni a m'manja asanafike kuno. Dzinalo analipereka ndi a Silas omwewo. Ikamatseguka inkayamba ndi mawu a Chingerezi: igwiritseni ntchito, koperaniko anzanu, ikakukomerani mudzatilipire. Mawuwa a Silas ankawakonda kwabasi.

"Awa ndiye anthu," ankatero. "Malonda awo ngofanana ndi a amayi a thobwa. Lawani kaye!"

Ndipo ankalawitsadi. Ankakopera Mlonda pa madisiketi, n'kulembapo dzina la shopu, n'kupalasa njinga kukagawa m'maofesi a sukulu, ku mishoni mpaka kwa Malemia. Olandirawo sankachedwa kubwera ndi zoti atayipitse. Masiku amenewo shopu inkadzaza ndi anthu ongobwera kudzaonerera, ena ndi makasu awo, kudikira kuti sikirini ifiire, chizindikiro choti Mlonda wapeza vayirasi. Ikafiira ankakuwa ngati agwira mbava m'munda wa mpunga. A Lyness ankawasowa masiku amenewo, ndipo ankawasowa kwambiri mwamuna amene ankaseka pakati pa phokosolo. Kompyuta anasintha, madisiketi anatha, koma Mlonda ankasamutsidwa n'kumayezabe chilichonse.

Tisungeni akulira choncho, anatulukira Malcolm, wogulitsa mapulogalamu atsopano wochokera ku Zomba. A Lyness anali atamubweza kangapo. Sankafuna n'komwe mapepala ake otsatsira, ojambulidwa chigaza chofiira. Kwa iwo, kugulitsa moopseza anthu chinali chipongwe.

"Kwagwanji, amayi? Galu wathu uja Mlonda waluma mwini?"

"Galu wamkota sakandira pachabe, achimwene. Akanakhala kuti waona kanthu akanauwa."

"Kukanda akandadi, koma mano anatha. Eni akewo anasiya kalekale kumuphunzitsa mbava zatsopano. Akudziwa za nthawi ya madisiketi basi. Za lerozi zikumudutsa pamphuno iye n'kumagwedeza mchira."

A Lyness anakwiya, koma anamulola kukhala pampando. Malcolm anasuzumira m'fulashi ya Tisungeni n'kupukusa mutu.

"Mafayilo alimo, vayirasi yangowabisa. Koma gwero lake ndi kompyuta ino. Aliyense wolowetsa fulashi muno akutuluka nayo. Ndikaika yangayi tiwapeza, kungoti awiriwa sakhalira limodzi, amalimbana mpaka kompyuta kuuma. Wakaleyu achoke."

"Ndiye kabwezereni mafayilowo pa kompyuta ina," anatero a Lyness.

"Zitheka. Mtsikanayu apulumuka. Nanga wobwera mawa?"

A Lyness anakumbukira aphunzitsi awiri amene anasiya kubwera osatsanzika, ndi mlembi wa kwaya amene anadandaula kuti nyimbo zake zasowa, iwo n'kumuuza kuti anafufuta yekha. Onsewo anawatsimikizira ndi pakamwa pawo kuti zinthu zawo zili bwino. Anachita manyazi, komanso mtima unawawawa.

"Mayi," anatero Tisungeni motsitsa mawu, "bambo anga anagulitsa mpunga wonse kuti ndimalize."

"Ndamva, mwanawe. Achimwene, tasunthani."

Anakhala okha pampando. Anatsegula Mlonda komaliza, n'kuwerenga mawu oyamba aja mpaka kumapeto, ngakhale ankawadziwa pamtima.

"Ndinu wogulitsa, eti? Yanuyi mumalawitsa?"

Malcolm anakanda m'mutu. "Ilipo yoyeserera mwezi umodzi, koma abwana safuna tizitchula."

"Muika imeneyo. Ikagwira ntchito ndigula. Chigaza chanucho musachimate pakhoma langa."

Atatero anadina okha pochotsera Mlonda. Sizinatenge nthawi, ndipo zimenezo n'zimene zinawapweteka koposa: chinthu chokhala nacho zaka zonsezi kuchoka msanga chotero, osatsalako ndi chizindikiro chomwe.

Pulogalamu yatsopano inayamba kusesa. Inagwira mavayirasi ambiri moti ngakhale Malcolm anadabwa. Kenako mafayilo a Tisungeni anatulukira, mutu woyamba mpaka womaliza. Mtsikanayo anagwada n'kugwira manja a a Lyness.

"Dzuka, usandithokoze. Ukafika ku koleji ukauze anzako onse amene anabwera muno kuti abwere nazo fulashi zawo tizitsuke. Ukanene kuti matenda anachokera kwa ine."

Malcolm anali akumaliza kuikonza pulogalamuyo. Panatuluka kabokosi kofunsa dzina la mwini kompyuta, ndipo zala zake zinali zitalemba kale Silas, poti Domasi yense shopuyo ankaitcha kwa a Silas.

A Lyness analiyang'ana dzinalo nthawi yaitali.

"Fufutani," anatero. "Iwo mbali yawo anaigwira bwino. Lembani Lyness. Zikadzavutanso, anthu adzadziwe womufunsa."